Buku la Maphunziro Atsopano ndi Mphunzitsi wa Sayansi ku Rufunsa

Buku la Zambia Education Curriculum Framework 2023 si la mtundu umene anthu amakambirana m'basi, ndipo makolo ambiri sanalionepo n'chikuto chomwe. Komabe pa mabuku onse amene atuluka m'Zambia zaka zino, palibe lina limene lidzalowe m'mabanja ochuluka kuposa limeneli. Analikonza ndi a Curriculum Development Centre ku Lusaka, nthambi ya Unduna wa Zamaphunziro, pansi pa nduna a Douglas Syakalima. Kuyambira 2025 mwana wolowa sukulu ya mkaka, Giredi 1 kapena Fomu 1 akuphunzitsidwa motsatira zimene lagamula. Ndaliwerenga ndili ndi munthu mmodzi m'maganizo, mphunzitsi wa sayansi ndi masamu wa m'boma la Rufunsa, kum'mawa kwa Lusaka, amene ayenera kusandutsa masamba amenewa kukhala phunziro la Lolemba m'mawa.

Zimene bukuli lasintha n'zazikulu. Pulayimale, imene inali ya zaka 7, tsopano ndi ya zaka 6. Sekondale yasiya magiredi n'kubwerera ku mafomu: Fomu 1 mpaka 4, kenako Fomu 5 ndi 6 kwa opita patsogolo. Mayeso a Giredi 9 akutha, ndipo a kumapeto kwa pulayimale azilembedwa mu Giredi 6. Cholinga cha maphunziro onse achiika poyera: mwana asamangodziwa chinthu, azithanso kuchichita. Bukuli latchula maluso 12 oyenera kumera m'phunziro lililonse, monga kuganiza mozama, kuthetsa mavuto, kugwirira ntchito limodzi, kugwiritsa ntchito kompyuta, kusamala ndalama ndi kusamala chilengedwe. Pofika Fomu 1 mwana alowa imodzi mwa njira 8, ndipo njira monga ya sayansi, ya ulimi ndi ya luso la zopangapanga ndizo zasenza STEM, kutanthauza sayansi, luso lamakono, uinjiniya ndi masamu zophunzitsidwa molukana. Ku Fomu 5 ndi 6, STEM ili ndi njira yakeyake.

Ndiyambe ndi zimene ndikuyamikira, chifukwa n'zenizeni. M'magiredi oyambirira masamu ndi sayansi aziphatikiza kukhala gawo limodzi. Uku n'kuganiza bwino. Mwana wa zaka 7 sadziwa malire a maphunziro. Akamayeza ndi chingwe kutalika kwa chimanga chimene anadzala m'chitini, akuchita masamu ndi sayansi nthawi imodzi, ndipo adzakumbukira zonse ziwiri. Chachiwiri, ulimi aupatsa ulemu. Ambiri a ife tinakula khasu la pasukulu lili chilango cha wochedwa ndi wolongolola m'kalasi. Ngakhale minda ya sukulu ya m'nthawi ya a Kenneth Kaunda, m'zaka za m'ma 1970, ana ambiri ankaiona ngati ntchito yolimira ahedi osati phunziro. Buku limene likunena kuti mwana wanzeru atha kusankha ulimi ngati njira yake ya sayansi, n'kumaphunzira za dothi, mbewu, madzi ndi matenda a ziweto mozama, likukonza cholakwa chakale.

Ndipo ngati kuli boma limene sayansi ili pabwalo, ndi Rufunsa. Bomali analidula kuchoka ku Chongwe mu 2012, ndipo msewu wa Great East Road umalipyoza mpaka pa mlatho wa Luangwa. Pa Chinyunyu, m'mphepete mwa msewu womwewo, madzi otentha amatumphuka pansi usana ndi usiku. Mphunzitsi wa Fomu 1 amene angapite kumeneko ndi ana ndi choyezera kutentha chimodzi ali ndi phunziro la mlungu wathunthu: kutenthako kukuchokera kuti, madzi akuzizira mofulumira bwanji akamatsika ndi kamtsinje, n'chifukwa chiyani akununkha motero. M'mapiri anyamata amakumba ndi kusefa golide, ndipo m'kusefa m'menemo muli phunziro lonse la kulemera kwa zinthu. Matumba a makala andanda m'mbali mwa msewu kudikira magalimoto a ku Lusaka. Uvuni wa makala ndi phunziro la moto wopanda mpweya wokwanira, komanso la masamu a mitengo ingati imene yagwa kuti thumba limodzi lidzaze. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi ngozi ya dziko lonse pa 29 Febuluwale chaka chimenecho, chinasiya funso m'nyumba iliyonse: bwanji mapira ndi chinangwa zinapirira pamene chimanga chinauma? Bukuli limalimbikitsa kuphunzitsa kuchokera pa zimene zili pafupi ndi mwana, ndipo pamenepa lili ndi dera la mafumu Mpanshya, Shikabeta ndi Bunda Bunda kumbali yake.

Vuto langa ndi bukuli lagona pa njira 8 zija. Papepala mwana akutsata luso lake ndi mtima wake. Koma sukulu singapereke njira imene ilibe mphunzitsi wake, chipinda chake ndi zipangizo zake. Mu Lusaka kholo likaona kuti sukulu iyi ilibe njira ya sayansi, limakweza mwana minibasi kupita ku ina. Ku Rufunsa sekondale ina ili kutali, ndipo mwana amapita kumene miyendo kapena njinga ingamufikitse, kapena kumene makolo angamupezere kanyumba kogona mkati mwa mlungu. Njira imene sukulu yake ili nayo ndiyo njira yake. Kumuuza mwana wotere kuti asankhe kuli ngati kufunsa mlendo ndiwo imene akufuna pamene mumphika muli nyemba zokha. Ndipo popeza pulayimale yafupika, kusankhaku kukubwera mwana ali ndi zaka 12 kapena 13. Mtsikana wa kwa Shikabeta amene akanadzakhala injiniya wa madzi atha kutsekeredwa khomo pa msinkhu umenewo, osati chifukwa masamu amuvuta, koma chifukwa sukulu yake ilibe labotale. Bukuli silikhala pansi kuyankha funso limeneli mokwanira, ndipo ndi funso loyamba limene mphunzitsi wakumudzi amafunsa.

Aphunzitsi akamakamba za STEM, si kawirikawiri kumva wina akuikana. Amene amati sakuifuna ndi ochepa kwambiri. Chimene mumamva kwambiri ndi mawu akuti, "Zabwino, koma tiphunzitsa ndi chiyani?" Ena amawonjezera kuti, "Izi tinaziona kale." Mawu achiwiriwa anthu a m'maofesi amawatenga ngati ulesi kapena kuuma mutu, pamene ndi chikumbukiro. Ndondomeko ya 2013, imene bukuli likulowa m'malo mwake, inabweretsa phunziro la kompyuta m'magiredi 8 ndi 9. Pa mayeso oyamba a phunziroli mu 2015, m'masukulu ambiri makompyuta anali ochepa moti ana ankalemba mosinthana, ena mpaka usiku, ndipo kumalo opanda magetsi anadalira majenereta obwereka. Ana ambiri anaphunzira mbali za kompyuta pa chithunzi chojambulidwa ndi choko pabolodi. Ndondomeko yomweyo inalonjezanso njira ya ntchito zamanja pambali pa njira ya m'mabuku, ndipo m'masukulu opanda zida njirayo inathera m'makope. Kenako kunabwera masukulu osankhidwa a STEM, ena mwa iwo akalekale otchuka monga David Kaunda ku Lusaka ndi Hillcrest ku Livingstone, amene anali kale ndi zipangizo. Mphunzitsi amene anadutsa m'zonsezi ali ndi chifukwa chofunsira asanaombe m'manja. Buku lofuna kuti iye alikhulupirire likanayamba ndi kuvomereza mosabisa zimene zinachitika ku sukulu zakumudzi ulendo watha.

Ndinaonerera phunziro lina la magetsi pa sukulu ina ya kutali ndi msewu waukulu. Madamu anabwera ndi mabatire a tochi ogula ndi ndalama zawo, timababu tating'ono, ndi waya wosenda ku wailesi yakufa. Ana anali ochuluka moti gulu lililonse linali ndi mitu yambiri kuposa manja ofika pa waya. Babu litayaka pagulu lina panamveka mfuu, "Layaka! Layaka!" ndipo magulu ena anathamangira komweko. Madamu anawauza kuti alumikize babu lachiwiri motsatana ndi loyamba. Onse awiri anayaka mofooka. Atafunsa chifukwa chake, kamtsikana kena kanayankha msanga m'Chinyanja, "Madamu, akugawana mphamvu, n'chifukwa chake sakuwala kwambiri." Anakhoza. Madamu anamupempha kuti anene zomwezo m'Chingerezi, ndipo mwanayo anangoweramitsa mutu, anzake n'kuyamba kuseka. Phunzirolo linali STEM yeniyeni, yotsika mtengo, yophunzitsidwa mwaluso. Linalinso ndi mabala awiri amene bukuli lawasiya osapola: zipangizo zochokera m'thumba la mphunzitsi, ndi chilankhulo.

Pa chilankhulo ndikutsutsana nalo bukuli kotheratu. Lagamula kuti Chingerezi chikhale chilankhulo chophunzitsira kuyambira pansi, zilankhulo za m'Zambia zikhale zothandizira kufotokoza ndi phunziro lapalokha. Njira imeneyi Zambia inaiyendapo kale. Kuyambira 1966 ana ankaphunzira m'Chingerezi kuchokera Giredi 1, ndipo patapita zaka pafupifupi 30 boma lomwe linaona kuti ana ambiri akumaliza magiredi oyambirira osatha kuwerenga chilankhulo chilichonse. N'chifukwa chake ndondomeko ya Educating Our Future ya 1996 inatsegula khomo loti mwana ayambe kuwerenga m'chilankhulo chakwawo, ndipo kuyambira 2014 magiredi 1 mpaka 4 ankaphunzitsidwa m'zilankhulo za m'derali. Sindikunena kuti dongosolo la 2014 linali langwiro. Ku Rufunsa komweko mwana wolankhula Chisoli kunyumba ankapatsidwa Chinyanja, chifukwa ndicho chinasankhidwira chigawo cha Lusaka pa zilankhulo 7 zovomerezeka m'sukulu. Koma Chinyanja mwana wa Chisoli amachimva pamsika, kutchalitchi ndi pa wailesi. Chingerezi amakumana nacho m'kalasi mokha. Malawi nayo inasankha Chingerezi kuyambira Sitandade 1 pa lamulo la zamaphunziro la 2013, ndipo aliyense amene analowapo m'kalasi ya kumudzi ku Mchinji kapena ku Dedza akudziwa kuti aphunzitsi amafotokozabe m'Chichewa, popeza ndi mmene ana amamvera.

Nkhaniyi ikukhudza STEM kuposa maphunziro ena. Buku limene likufuna mwana wofunsa, wotsutsa, woyesa n'kufotokoza chimene waona, likufuna mwana wolankhula. Mwana amafunsa m'chilankhulo chimene saopa kulakwitsa. Mukamuchotsera chimenecho, amabwerera ku chinthu chimodzi chimene chingachitike m'chilankhulo chosachimva bwino, kuloweza. Potero tsamba lina la bukuli likugwetsa zimene tsamba linzake likumanga. Chilolezo chofotokozera m'chilankhulo cha ana chilipo, ndipo aphunzitsi anzeru adzachigwiritsa ntchito mokwanira. Koma mayeso akakhala m'Chingerezi, ndipo woyendera sukulu akamamvetsera Chingerezi, chilolezocho mphunzitsi amachigwiritsa ntchito mobisa ngati akuba.

Palinso nkhani ya kuyesa ana pasukulu pomwepo. Bukuli likufuna kuti ntchito imene mwana amachita m'kati mwa chaka, monga zoyesayesa ndi zopangapanga, iziwerengedwa pamodzi ndi mayeso a Examinations Council of Zambia. Mfundoyi ndi yolondola, chifukwa luso lolumikiza waya silingayesedwe ndi funso losankha A, B kapena C. Koma taganizani za chiwerengero. Kuchokera pamene maphunziro aulere anayamba mu Januwale 2022, ana anadzaza m'makalasi, ndipo ichi n'chinthu chonyaditsa. Boma linalemba ntchito aphunzitsi 30,496 chaka chomwecho, chiwerengero chachikulu zedi. Ngakhale zili choncho, aphunzitsi a fizikisi, kemisitiri ndi masamu ndi amene amasowa kwambiri kumudzi, ndipo amene atumizidwako ambiri amayamba msanga kufunafuna transifa. Mphunzitsi mmodzi wokhala ndi makalasi angapo odzaza sangaonerere mwana aliyense akuchita zoyesayesa n'kumulembera malikisi moona mtima. Chimene chimachitika n'chodziwika: gulu lonse limapatsidwa malikisi amodzi, ndipo mwana amene anangoimirira kumbuyo amapata zofanana ndi amene anagwira waya. Kawirikawiri woimirira kumbuyoyo amakhala mtsikana.

Wina atha kunena kuti ndikulipempha bukuli zimene si ntchito yake. Ndi buku la ndondomeko, si la bajeti, ndipo zipangizo zili ndi njira zake. Pali choonadi pamenepo. Ndalama za chitukuko cha m'madera a aphungu, za CDF, zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse mu 2022, ndipo zakhala zikukwerabe. Madesiki ndi makalasi atsopano akuoneka. Koma pa komiti ya CDF labotale imapikisana ndi chipinda cha amayi oyembekezera, mjigo ndi mlatho, ndipo sindingadzudzule mudzi umene wasankha mjigo. N'chifukwa chake buku la ndondomeko liyenera kunena mosapita m'mbali zinthu zochepetsetsa zimene sukulu iliyonse iyenera kukhala nazo isanatsegule njira ya sayansi, ndi chimene boma lidzachitire mwana wa sukulu imene ilibe. Popanda zimenezo, komiti ilibe poyambira, ndipo ahedi alibe pepala lopita nalo kukapempha. Kenya inayamba ndondomeko yofanana ndi iyi mu 2017, ndipo ana oyamba atafika ku sekondale yaing'ono mu 2023, anapeza masukulu ambiri alibe malabotale ndi aphunzitsi a sayansi okwanira. Phunziro limenelo linalipo kale bukuli likulembedwa.

Magetsi nawonso bukuli limawatenga ngati alipo. Luso la kompyuta lili pakati pa maluso 12 aja, koma masukulu ambiri akumudzi sanalumikizidwe, ndipo mu 2024, madzi atatsika m'damu la Kariba, ngakhale olumikizidwa ankakhala maola ochuluka pa tsiku opanda magetsi. Kuno sola si chinthu chapamwamba, ndi chiyambi cha phunziro. Ndipo sola yomweyo, yokhala ndi batire ndi mawaya ake poonekera, ndi chipangizo chophunzitsira chabwino kuposa chithunzi chilichonse cha m'buku.

Chimene chandipweteka kwambiri powerenga n'chakuti mphunzitsi akupezeka pafupifupi paliponse m'bukuli ngati munthu wouzidwa zochita. Ayenera kutsogolera, ayenera kuyesa, ayenera kupanga zipangizo kuchokera pa zimene zilipo. Zonsezi n'zoona, koma nzeru zimene aphunzitsi a m'Zambia anasonkhanitsa kale sizikumveka mokwanira. Dziko lino lili ndi makalabu a JETS kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, kumene ana akhala akupanga zinthu ndi zitini, mawaya ndi matabwa n'kukapikisana nazo mpaka pa dziko lonse. Lili ndi mwambo woti aphunzitsi akonzere limodzi phunziro, mmodzi aphunzitse ena akuonerera, kenako akhale pansi kulikonza, umene unayamba m'chigawo cha Central mu 2005 mothandizidwa ndi bungwe la JICA la ku Japan, n'kufalikira m'zigawo zina. Lili ndi National Science Centre ku Lusaka, imene yakhala ikupanga zipangizo za sayansi zonyamulika. STEM ya ku Rufunsa idzamera pa zinthu zimenezi, makamaka pa aphunzitsi a masukulu oyandikana okumana kawirikawiri n'kumabwerekana choyezera kutentha ndi maganizo. Maphunziro a masiku ochepa, amene mmodzi amakaphunzira kuboma n'kudzafotokozera anzake, sangalowe m'malo mwa zimenezo. Aphunzitsi ambiri anayamba chaka cha 2025 mabuku a ana asanafike, akudalira timabuku ta aphunzitsi totumizirana pa foni, ndipo amene anali kumalo kovuta netiweki anadikira mnzawo wochokera kumsewu.

Kalembedwe ka bukuli ndi ka mu ofesi, kodzaza ndi matebulo ndi mawu aatali a Chingerezi. Matebulowo ndi othandiza, ndipo mphunzitsi aliyense wa Giredi 6 ayenera kuwadziwa bwino, chifukwa ndi iye amene makolo adzamufunse za njira za ku Fomu 1. Koma kholo la ku Mpanshya limene mwana wake akusankha tsogolo pa zaka 13 liyenera kumva nkhaniyi m'chilankhulo chake. Kabuku kachidule ka m'Chinyanja ndi m'Chisoli, kowerengedwa pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, sikangadye ndalama zambiri. Pambali pake pakhale mndandanda wa boma lililonse woonetsa sukulu iti ili ndi njira iti, wopachikidwa pa ofesi ya zamaphunziro ya m'boma ndi pa sukulu iliyonse ya pulayimale, kuti kusiyana kwa Rufunsa ndi Lusaka kuoneke ndi maso.

Ndikulimbikitsa aphunzitsi, mafumu, makhansala ndi mamembala a makomiti a CDF kuti aliwerenge bukuli, makamaka magawo a njira za ku sekondale, chilankhulo ndi mayeso, ndipo aliwerenge ndi pensulo m'manja. Ana amene analowa Fomu 1 mu 2025 adzalemba mayeso a Fomu 4 mu 2028. Zotsatira zikadzatuluka, Unduna udzalengeza kuchuluka kwa okhoza m'dziko lonse. Anthu a ku Rufunsa adzapemphe chiwerengero china, cha ana a m'boma lawo, anyamata payokha ndi atsikana payokha, amene analoledwa n'komwe kulemba mayeso a njira ya sayansi ndi ya luso la zopangapanga, n'kuchiika pambali pa cha boma la Lusaka.